Makaniko Amene Anathira Mwana Buleki Fuluwidi

Panali munthu wina, makaniko, anzake ankangomutcha Sipanala. Anali ndi mwana wamkazi wazaka zinayi, wa khungu lachialubino. Tsiku lina mkazi wake anaitanidwa kuntchito mwadzidzidzi, ndiye anamusiyira mwanayo.

"Bambo ake, chipewa ichi, malaya amanja aatali awa. Asakhale padzuwa. Ndatopa nako kubwereza."

"Ndamva, mayi. Kodi mwanayu munabereka nokha?"

Chipewa chinatsala m'basi. Malaya mwana anavula yekha chifukwa cha kutentha. Sipanala analowa pansi pa lole cha m'ma naini, n'kutulukamo dzuwa lili paliwombo. Nthawi yonseyo mwana ankasewera ndi mabawuti pabwalo la galaja.

Mapewa ndi khosi zinali psuu, mwana akulira chapansipansi. Musaganize kuti Sipanala anayamba waganizira za mwana, ayi. Anaganizira za pakamwa pa mkazi wake.

Mnzake wowotcherera zitsulo anati, "Aise, usanjenjemere. Thira buleki fuluwidi, oilo wa mabuleki uja. Ife tikapsa timathira yomweyo, pofika madzulo palibe chooneka."

"Pamwana?"

"Khungu ndi khungu."

Anathiradi. Mwana anakuwa mpaka odutsa mumsewu anacheuka. Poweruka, mapewa onse anali matuza okhaokha. Sipanala anamuveka juzi kuti zisaoneke.

Mayi atafika, miyendo italema, ananyamula mwana wawo. Mwana anakuwanso. Juzi inali itamatirira pamatuza. Mayi sanakalipe, mphamvu zake analibe. Anangokhala pansi n'kumanyowetsa juziyo ndi madzi pang'onopang'ono mpaka inamatuka.

"Madzi analipo kugalajako?"

"Analipo."

"Kansalu koyera?"

"Kakanapezeka."

"Mthunzi?"

Mayi sanadikire yankho.

"Zinkafunika n'zomwezo basi. Kumulowetsa mumthunzi, nsalu yonyowa pamapewa, madzi akumwa ambiri. Alovera ali pakhondepa, ndikanamupaka khungu litazizira. Koma inu munaona ngati mwabereka lole."

Anathamangira naye kuchipatala. Nesi atafunsa chimene anapaka, Sipanala anayamba kuwerenga zala zakuphazi. Mwana anagonekedwa masiku anayi. Mabala anapola, koma zipsera zinatsala, ndipo mpaka lero bambo akatambasula manja kuti amunyamule, mwana amathawira kumbuyo kwa mayi ake.

"Ayi! Ababa amawotcha."

Phunziro: Mwana akapsa ndi dzuwa, muchotseni padzuwapo, muziziritseni ndi nsalu yonyowa, mumwetseni madzi. Oilo, mankhwala otsukira mano ndi zam'galaja zisiyeni komwe zili. Matuza musaboole, ndipo akatuluka kapena thupi likatentha, pitani kuchipatala. Kukalipiridwa ndi mkazi kumatha tsiku lomwelo, chipsera sichitha. Tumizirani abambo onse amene amayankha kuti "ndamva" mkazi asanamalize kulankhula. Mukuwadziwa, ena mwakhala nawo pafupi pompano.