Pakhosi pa Zelifa

Zelifa anameza malovu, pakhosi n'kumva ngati padutsa minga. Anamezanso kuti atsimikize. Tsamba la fodya limene ankasankha analiika pansi.

Miyezi iwiri inali itadutsa chiyambireni kumwa mapiritsi a chithokomiro, matenda amene anamutong'ola maso ndi kumuthamangitsa mtima. Tsiku lomupatsa mankhwalawo, dokotala wa ku boma anachita kubwereza kawiri: "Mayi, pakhosi pakawawa, thupi n'kutentha, musiye kumwa, mubwere tsiku lomwelo. Nthawi zina mankhwalawa amatha asilikali a m'magazi. Musagone nazo."

Piritsi la m'mawa anali atamwa kale.

"Bambo a Triza, pakhosi panga."

Eneya, mwamuna wake, sanadzutse n'komwe mutu. "Limenelo ndi fumbi la fodya, mayi. M'chigafa muno ndani sakutsokomola? Ineyo ndiye mawu achita kusasa ngati chule. Tiyeni timalize belo ili, galimoto ikubwera mawa."

"Ine sindikutsokomola."

Zelifa anagwira dzanja la mwamunayo n'kuliika pachipumi pake. Kunja kunkawomba mphepo yozizira ya mu Juni, koma chipumicho chinali moto. Eneya anayang'ana mulu wa fodya, kenako dzuwa, limene linali litapendeka kale. Kuchokera kwawoko kwa Chiosya kukafika ku boma si pafupi.

"Adokotala aja anati tsiku lomwelo?" anafunsa, mawu atatsika.

"Lomwelo."

Eneya anadzambatuka, masamba abwino amene anali pamiyendo pake n'kumwazikira m'dothi. Anawaponda pothamangira kumsewu kukaimitsa njinga yamoto.