Wotchi ya Haitham

"Uwauze kuti mwana wawo anafera m'manja mwanga," anatero Russell, atagwira kapu ya tiyi.

Russell anali mtolankhani wa ku America, ine womumasulira. Anakhala miyezi isanu ndi iwiri akujambula Haitham, msilikali wa kuno ku Basra, kunkhondo ya ku Mosul. Lero anabwera kudzapepesa mayi ake a Haitham.

Ndisanayankhule, Nazar, mkulu wake wa Haitham, ananditsina pantchafu.

"Usayerekeze," ananong'ona. "Amayi amadwala mtima. Tinawauza kuti Haitham ali m'chipatala ku Turkey."

Akhala akuwanamiza chaka chathunthu? Ndinayang'ana kukhoma. Chithunzi cha Haitham chinalibe kansalu kakuda ka maliro. Pampando panali malaya ake, ositidwa bwinobwino.

"Akuti chiyani mlendoyu, mwana wanga?" mayi aja anandifunsa.

"Akuti tiyi wanu ndi wokoma, amayi."

Russell anagwedeza mutu, poyesa kuti uthenga wake wafika. Misozi inayenderera mpaka m'ndevu. Kenako anapisa m'thumba, n'kutulutsa wotchi ya galasi losweka, n'kuiika pambali pa mbale ya shuga.

Nazar anangoti zyoli.

Mayi aja anatola wotchiyo, n'kuitembenuza, n'kuiika pakhutu. Anamvetsera nthawi yaitali.

"Zaka makumi anayi ndakhala ndikuphika tiyi," anatero motsitsa mawu, "ndipo sanalizepo munthu."

Anatembenukira kwa mwana wawo wamkulu.

"Nazar, dzutsa mutu. Ndiyang'ane."