Loko Wotsekera M'kati

Panali munthu wina, mayi wogulitsa m'sitolo, amene ankakhala ndi ana ake aakazi awiri pamodzi ndi mchimwene wake. Malumewo anali munthu wa tayi, wolankhula motsitsa mawu, wosadya asanapemphere.

Kumapeto kwa msewu wawo kunali mnyamata wowotcherera zitsulo. Ankamutchula Zipsera chifukwa cha nkhope yake, ndipo aliyense ankadziwa kuti anakhalapo m'ndende. Nkhuku ikasowa, anthu sankavutika n'kufufuza.

Tsiku lina mayiyo anaona mwana wake wamkulu, wa kusekondale, akutuluka m'shedi ya Zipsera.

"Amayi, ndimafuna andipangire loko wa kuchipinda kwathu, wotsekera m'kati."

"Loko m'nyumba mwanga? Ukufuna uzibisamo zibwenzi eti?"

Anamuwaza khofi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Patangopita masiku, mtsikanayo anapezeka atafa m'nyumba yosamalizidwa kumanga pafupi ndi sukulu. Malumewo ndi amene analira kuposa onse, ndipo ndi omwewo anakumbutsa anthu za kushedi kuja. Apolisi asanafike, gulu linali litathyola kale manja a Zipsera ndi zitsulo zake zomwe.

Apolisi akumukweza m'galimoto, Zipsera anakuwa kuti, "Mayi, dzifunseni! Mwana ankafuna kutsekera ndani kunja?"

Mayiyo anamulavulira.

M'mawa wina anapita kukadzutsa mwana wamng'ono uja, koma chitseko chinakana kutseguka. Mwanayo anali atachitchinga ndi bedi.

"Ukuopa chiyani mwanawe? Chigawenga chija chili m'chitokosi."

"Ayi amayi, chili kubafa, chikusamba. Achemwali anawauza amalume kuti akapitiriza kumalowa kuno akawanenera kwa aphunzitsi. Panopa ayamba kugogodera ine."

Mayiyo ananyamula mwanayo osavala n'komwe nsapato, ulendo kupolisi. Atapanikizidwa ndi mafunso, malumewo anaulula zonse, tayi ili m'khosi.

Apolisi anamutulutsa Zipsera, koma zala zake sizinagwirenso chitsulo. Nkhaniyi imandipweteka kwambiri pamenepa. Mayiyo anapita kwa Zipsera, nagwada pakhomo, misozi ili chuchuchu. Mnyamatayo sanamukalipire.

"Mwana wanu uja sanandiuze kuti ankaopa ndani," anatero. "Anangoti, 'Amayi sangandikhulupirire, amawakonda kwambiri.' Ndinamuuza kuti ayesebe, mayi ndi mayi. Ndine ndinamutumiza kwa inu."

Mayiyo analira mpaka mawu kutha.

Phunziro: Musaweruze munthu ndi nkhope, zovala kapena mbiri yake yakale, woopsa nthawi zina ndi amene mumadya naye. Mwana akapempha chinthu chodabwitsa, musathamangire khofi, mufunseni chifukwa chake. Musangowerenga n'kusunga, tumizirani kholo lina lero. Mwina kwawo kuli mwana amene akutchinga chitseko ndi bedi.