Khoma la Bambo Zahari

"Lamulo lasintha, Bambo Zahari," anatero Desislava, mtsikana wa ku ofesi yothandiza osauka. "Munthu wokhala yekha azilandira nkhuni za boma pokhapokha nyumba yake ikakhala ya chipinda chimodzi. Yanu ili ndi ziwiri."

"Chaka chatha zinalinso ziwiri."

"Chaka chatha Mayi Nevena anali moyo."

"Ndiye kuti kuzizira mkazi wanga anapita nako kumanda? Ubwere Lachisanu, mwanawe, udzawerenge ndi maso ako."

Lachisanulo Desislava anakwera phiri, chipale chofewa chikumulekeza m'mawondo. Atalowa m'nyumbamo anamwaza maso uku ndi uku. Bedi, tebulo ndi mbaula zinali m'chipinda chimodzi chachikulu. Khoma la matabwa, limene Zahari anakhoma yekha chaka cha ukwati wake, panalibe. Pansi panangotsala mzere wa mabowo a misomali.

"Werenga," anatero mkuluyo. "Kapena kusukulu kwanu simunafike pa chimodzi?"

"Bambo, chipinda chachikulu chotere sichifunda msanga. Mwadzipweteka nokha."

"Zimenezo n'zanga. Iwe lemba."

Mtsikanayo analemba "chimodzi", kenaka anasendera kufupi ndi mbaula, imene inali kuyaka mwaukali.

"Nkhuni zifika pakatha milungu itatu," anatero uku akuwotha. "Koma matabwawo muwasunge. Malamulowa sachedwa kusintha. Mwina chaka chamawa mudzalibwezeretsa khomalo. Mwawaika kuti?"

Zahari anatsegula kachitseko ka mbaula, naponyamo thabwa lina lopaka utoto wobiriwira.

"Ndi amene ukuwothawo."