Chikho cha Bambo ake a Mele

Towera ankapukuta manja pamene Mele, nesi wa ku zilumba za Tonga yemwe ankakhala naye nyumba imodzi ku Rathmines, kutsidya kwa nyanja, analowa m'khitchini n'kungoima chilili.

Chikho cha Mele cha kokonati, chija chogobedwa tiakamba kunja, chinali chovundikirika pakati pa makapu, chikudontha madzi.

“Ndakutsukirako,” anatero Towera monyadira. “M'katimo munali mutada ndi litsiro. Ndakwecha ndi sitiliwulu mpaka zala kuwawa.”

Mele anachitembenuza. M'kati munali mbee. Anachifikitsa pamphuno n'kukhala choncho nthawi yaitali.

“Silinali litsiro,” anatero motsitsa mawu. “Malemu bambo anga anachigoba okha, n'kumweramo kava, chakumwa cha kwathu, zaka makumi atatu. Ndikawasowa ndinkanunkhiza muno.”

Ananunkhizanso.

“Pano mukumveka sopo.”

Towera anafuna kunena kuti pepa. Anakumbukira duku la malemu amayi ake lomwe linali kunsi kwa pilo wake. Chaka chachinayi tsopano, sanalole dontho la madzi kulikhudza.

Anafumbata sitiliwulu uja kumbuyo, timawaya tikumubaya m'manja.