Madzi a Mfalansa wa Pamwamba

Dontho loyamba linagwera pa diresi la mkwatibwi cha m'ma naini koloko m'mawa. Mayi Telala atayang'ana kudenga anaona banga lonyowa lalikulu ngati mbale.

Diresilo linali la mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, ndipo ukwati unali mawa lake. Linali likadali pa makina, lesi wa m'munsi asanamalize kusoka.

"Abambo, madzi! Takwerani mukawauze apamwambawa atseke mpope!"

Amuna awo anavala magalasi modekha. Nyumba yonse yosanjikizanayo inkawatchula kuti aGalamala, chifukwa anaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu ndipo ankakonza ngakhale mawu a anthu opempha mchere.

"Ndikawauze m'chinenero chanji, amayi? Munthu uja ndi Mfalansa."

Izi ankazidziwa bwino. Tsiku limene bamboyo ankasamukira m'nyumbamo, aGalamala anaona makatoni ake olembedwa Chifalansa, n'kumupatsa moni pa masitepe kuti, "Bonjour." Iye anayankha kuti, "Bonjour." Kwa miyezi isanu ndi umodzi macheza awo anali omwewo, osawonjezera, osachotsera.

"Kalozeni ndi chala, amva," anatero mayi Telala akutchera beseni.

"Kuloza ndi chala? Ine? Ndi ulemu wanga wonsewu?"

Anakwera pampando n'kutsitsa dikishonale yafumbi pamwamba pa kabati. Inali ya Chingerezi ndi Chifalansa, choncho liwu lililonse linkayenda ulendo wa mabasi awiri: kuchoka pa Chichewa kupita pa Chingerezi, kenako n'kukwera ina yokafika pa Chifalansa. Anakhala patebulo, ananola pensulo, n'kuyamba ndi liwu loti kudontha. Drip. Anatsetsereka ndi chala mpaka anapeza goutter. Analemba mwaluso, anadula mzere kunsi kwake, ndipo anaimirira kuti azipita.

Koma madzi anali atasiya kudontha. Tsopano ankatsika ngati chingwe, chuu, molunjika pa makina. Mayi Telala anatambasula ambulera ndi dzanja limodzi, linalo akukankha nsalu pansi pa singano, phazi likupalasa.

"Uku sikudonthanso ayi," anatero aGalamala, n'kukhalanso pansi. "Ndikanakanama."

Anatsegula pa spill. Apa anapeza renverser, koma liwulo linkafuna munthu amene wagwetsa chinthu n'kutaya madzi. Kumeneko kunali kumuimba mlandu mnansi popanda umboni. Analikana. Overflow inawapatsa déborder, kusefukira, koma ndani anaona bafa la bamboyo litadzaza? Leak inawapatsa fuir, ndipo atawerenga bwino anaseka mpaka kutsokomola.

"Amayi, mukudziwa kuti kwa Afalansa liwu la kuchucha ndi lomwelo la kuthawa? Madzi awo amathawa!"

"Nanenso ndikuthawani, mukapanda kukwera."

Beseni linadzaza. Ndowa inadzaza. Mapoto onse anafoledwa pabalaza, lililonse likuimba nyimbo yake. Silipasi imodzi ya aGalamala inayandama n'kudutsa pansi pa tebulo, kulowera kuchipinda. Iwo anangonyamula mapazi n'kuwaika pampando wina.

Kenako siling'i inang'ambika pakona, madzi n'kukhuthuka, phwaa!

"Eya!" anakuwa aGalamala mokondwa. "Uku ndiye amati gush!"

Koma gush inali ndi ana awiri. Jaillir inkanena madzi otumphuka ngati kasupe, kuchokera pansi kupita m'mwamba, pomwe awo ankachokera m'mwamba kupita pansi. Gicler inkanena zothovoka mwamphamvu, ndipo chitsanzo chake chinali magazi. AGalamala analuma pensulo. Kusankha jaillir kunali kutembenuza nyumba chadodolido. Kusankha gicler kukanaitanitsa ambulansi.

Mayi Telala anadula ulusi ndi mano. Anakweza diresi lija pamwamba pa mutu ndi manja onse awiri, ataima m'madzi ofika mu akakolo. Mpendero wake unali utayamba kale kuda. Sanakuwe. Analankhula motsitsa.

"Mwana wanu akakwatiwa mawa atavala chonyowa, mudzamufotokozera nokha. M'chinenero chimene mungakonde."

Apo m'pamene aGalamala anachita mantha. Anaganiza zongotenga mawu onse, Mfalansayo akasankhe yekha. Anavala jekete ndi tayi, anapinda buluku mpaka m'maondo, n'kukwera masitepe opanda nsapato, pepala lili m'manja. Madzi ankatsika masitepe omwewo, ndipo anawapatukira mwaulemu.

Anagogoda katatu. Chitseko chinatseguka. Bambo uja anaima pakhomo atanyowa thupi lonse, sipanala ili m'manja, kumbuyo kwake paipi yophulika ikuwaza madzi khonde lonse lamkati.

AGalamala anakonza kukhosi, anawongola pepala, n'kuwerenga mokweza ngati ali m'kalasi:

"Bonjour, monsieur. Votre eau goutte, déborde, fuit, jaillit et gicle chez moi."

Anamaliza ndi kuwerama pang'ono. Mumtima ankamva kukoma: verebu iliyonse inali pamalo pake.

Bambo uja anawayang'ana, maso ali tuzu. Anamwetulira movutikira, n'kugwedeza mutu kawiri. "Bonjour, bonjour," anatero. Kenako anacheuka n'kukuwira m'nyumba m'Chichewa chenicheni:

"Amake mwana, tabwerani! Mfalansa wa pansi uja wabwera, akukalipa m'chikwawo! Ola lonse takhala tikuopa kutsika. Nanga timuuze bwanji kuti potsekera madzi a nyumba yonse ino pali kukhitchini kwake?"