Mayeso a Calvin Osalephera

"Mayeso onse akhoza, ukufunanso chiyani?" anatero Calvin akuloza kompyuta. "Izi n'za ife ophunzira ku Blantyre, osati mataipisiti a pa Njuli."

Doreen, mlembi wa mpingo komanso bwenzi lake, anayang'anitsitsa kompyutayo. Abusa anali atatuma Calvin kulemba pulogalamu ya pakompyuta yofufuza m'kaundula wa maukwati a nthambi zonse za mpingowo, kuti wokwatira kale asalembetsenso. Ukwati wa awiriwa unali woti ulengezedwe Lamlungu.

Mayeso oyesera pulogalamuyo ankayenera kufanizira yankho la pulogalamu ndi yankho lodziwika kale. Koma Doreen anaona kuti mbali zonse ziwiri Calvin anaikamo yankho la pulogalamu lomwelo.

"Ndiye mukufanizira chinthu ndi icho chomwe?" anafunsa akuseka monyodola. "Ngakhale mbuzi ingakhoze mayeso odzichongera yokha."

"Iwe, usakhudze!"

Anakhudza. Anatsegula buku lakale la nthambi ya ku Likoswe n'kusankha a Job Makwinja, okwatira mu 2002, ndipo mbali ya yankho lodziwika kale analemba kuti "wokwatira". Mayeso analephera. Mu pulogalamuyo munali mzere woilamula kulumpha chaka chonsecho.

"Kavuto kakang'ono ako," anatero Calvin.

Doreen anafufuta mzere wolumphitsawo n'kulemba dzina lina pang'onopang'ono. Kompyuta inayankha: Calvin Nampuluma ndi Hannah Mwala, Likoswe, 2002.

Doreen anavula mphete ya chitomero n'kuisiya pa kiyibodi.

"Zikomo, bambo a ku Blantyre," anatero. "Ulendo uno ndiye zafanana ndithu ndi za m'buku lija."